Timu yathu imalemba khodi yabwino koma sitilankhulana, soft skills ndiziphunzitse bwanji?

Mlezi_Dev:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndine Scrum Master (wothandiza timu kutsatira Scrum, njira yogwirira ntchito m'zigawo zazifupi) wa timu ya anthu 8 kupatula ine: olemba khodi 5, woyesa mapulogalamu mmodzi, wa UX mmodzi (woonetsetsa kuti pulogalamu ndi yosavuta kugwiritsa ntchito) ndi Product Owner (woimira zofuna za kasitomala). Pa luso la khodi sindidandaula, ndi akatswiri ndithu. Koma sprint (chigawo cha ntchito cha masabata ochepa) yapitayi zobisika zinatuluka poyera. Mnyamata wathu watsopano anakakamira pa ntchito imodzi masiku 6, ndipo m'mawa uliwonse pa standup (kamsonkhano kachidule ka timu ka tsiku ndi tsiku) ankangoti "ndikupitiriza, palibe chotchinga." Tinadzadziwa mochedwa kuti kompyuta yake sinkalumikizana n'komwe ndi database yoyeserera, chinthu chimene mnzake wokhala naye pafupi akanamukonzera pa mphindi 10. Nditamufunsa pambali chifukwa chimene sananenere, anandionetsa ndemanga imene mkulu wina wa m'timu analemba pa pull request yake yoyamba (khodi imene munthu amapereka kuti anzake aiunike isanavomerezedwe): "Izi ndiye chiyani? Kawerengenso." Mawu ake ndi omwewo basi. Kuchokera tsiku limenelo anasankha kufa nazo mumtima.

Pa retro, msonkhano wounika mmene sprint yayendera, nakonso kumakhala zii. Aliyense amalemba kuti zonse zayenda bwino, kenako tikabalalika madandaulo amayamba m'mauthenga a anthu awiriawiri. Mabwana akuti tiitane wophunzitsa wa tsiku limodzi, atipatse ma slide ndi masatifiketi. Ine ndikukayika. Nditangotchula mawu oti soft skills, kutanthauza luso lolankhulana ndi kugwira ntchito bwino ndi anthu, wina anaseka n'kunena kuti iye analembedwa ntchito yolankhula ndi kompyuta osati ndi anthu. Inu munazitha bwanji zoterezi?

Gologolo99:
Amene anasekayo sanalakwitse kwenikweni. Mnyamatayo ndi munthu wamkulu, pakamwa ali napo. Safunsa anadya phula. Ife tinaphunzira khodi tikukalipiridwa ndipo tilipo mpaka lero.

MayiWaQA:
A Gologolo99, mulipo inu amene munapirira. Amene anathawa ntchitoyi chifukwa cha kukalipiridwako sali pagulu pano kuti atiuze mbali yawo. Komanso mwambi mwatchulawo umagwira pamene kufunsa kulibe chilango. Mwanayu anaonetsa ntchito yake kamodzi, ndipo mwaona nokha chimene analandira.

Nthabwala_exe:
"Palibe chotchinga" ndiye bodza lotchuka kwambiri pa standup. Lachiwiri ndi "zatsala pang'ono."

KafukufukuK:
A Mlezi_Dev, kwa amene akuti analembedwa ntchito yolankhula ndi kompyutayo, musalimbane naye ndi mfundo za HR, sangakumvereni. Mutengereni ku chiyambi cha agile, njira yopangira mapulogalamu pang'onopang'ono yomweyo imene akuti amagwiritsa ntchito. Agile Manifesto inalembedwa mu February 2001 ku Snowbird, ku Utah, ndi anthu 17, ndipo ambiri mwa iwo anali olemba mapulogalamu, ena mwa iwo Kent Beck, Martin Fowler, Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland. Pa mfundo zawo zinayi, yoyamba penipeni imaika anthu ndi kugwirizana kwawo pamwamba pa ndondomeko ndi zida. Yachitatu imaika kugwira ntchito limodzi ndi kasitomala pamwamba pa kukokanakokana za kontirakiti. Pa mfundo zina 12 zotsatira, pali imodzi imene imanena kuti njira yabwino koposa yopatsirana uthenga m'timu ndi kulankhulana pamasom'pamaso.

Scrum nayo ili ndi makhalidwe asanu, ndipo atatu mwa iwo ndi ulemu, kulimba mtima ndi kusabisirana. Ndiye timu imene ili ndi Jira (pulogalamu yolondolera ntchito), sprint ya masabata awiri ndi standup ya mphindi 15, koma munthu sangathe kunena kuti wakakamira, yangovala chipewa cha agile, mutu wake ndi wakale womwewo. Standup inakhazikitsidwa kuti mavuto aoneke msanga. Ngati anthu akubisa, mphindi 15 zimenezo mukungozitaya tsiku lililonse.

Gologolo99:
Anthu 17 kupita kumapiri kukalemba ziganizo zinayi sikusintha kuti khodi yoipa ndi yoipa. Ine mantha anga ndi akuti mukayamba zonyengererana, pull request iliyonse izingodutsa poopa kukhumudwitsa munthu. Kenako production, pulogalamu imene anthu akuigwiritsa ntchito kale, ikagwa pakati pa usiku, amene adzadzutsidwe ndi ine ndemwe.

Kadzidzi_Usiku:
Achimwene a Gologolo99, ine ndinali ngati inu ndendende, mwinanso kuposa. Ndikuuzeni chimene chinandisintha, chifukwa sanali maphunziro ayi.

Mnzanga wina anatenga ndemanga zanga za miyezi itatu, anafufuta mayina, n'kundipatsa kuti ndiwerenge mokweza tili awiri. Ndinafika pa ina imene ndinangolemba kuti "ayi." Chilembo chilichonse chinali changa koma sindinathe kukumbukira chimene ndinkakana. Anandifunsa kuti, ngati mwini wakewe sukudziwa chimene unkatanthauza, amene unamulemberayo akanadziwa bwanji? Pamenepo ndinaona kuti ndemanga zanga sizinali zaukali chabe, zinalinso zopanda ntchito. Sizinkanena vuto, sizinkanena chifukwa, sizinkanena chochita.

Lero malo amodzimodziwo ndimalemba chonchi: "Query iyi ili mkati mwa loop, ndiye tikakhala ndi maoda 5,000 tipita ku database ka 5,000. Bwanji tiwatenge onse kamodzi loop isanayambe? Ngati sizikumveka tiyimbirane mphindi zisanu." Khodiyo ndaikana chimodzimodzi, sinadutse. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano imabwerako itakonzedwa ulendo umodzi, osati maulendo anayi. Ndiye musaope kuti muyezo utsika. Ndemanga yomveka ndi imene imafuna ntchito yambiri kwa wolembayo, chifukwa uyenera kudziwa bwinobwino chimene ukutsutsa.

Gologolo99:
Imeneyo ndingaivomere. Koma imeneyo si soft skill, ndi kulemba bwino basi.

MayiWaQA:
Ndiye mwafika pamene timafuna. Muitchule dzina lililonse limene mukufuna, bola muzichita.

WaUX_Pano:
Dzinalo ndiye vuto loyamba. Ukauza injiniya kuti chinthu ndi "soft," kutanthauza "chofewa," amamva kuti ndi cha anthu olephera masamu. Ine m'timu yathu ndinasiya kulitchula. Ndimangoti tikonze mmene timachitira code review, kapena tikonze mmene timafotokozera bug (cholakwika cha m'pulogalamu). Palibe amene amakana zimenezo.

Chiphaniphani:
Ndiloleni ndilankhule ngati amene ndinali pamalo a mnyamatayo chaka chatha. Anthu amene mwakhalitsa munaiwala mmene zimakhalira. Ndinkalemba funso pa Slack, kuliwerenga, kulifufuta, kulilembanso mwina kanayi. Ndikaona kuti pagulupo pali anthu 30, kuphatikizapo amene anandilemba ntchito, ndinkaganiza kuti akawerenga adziwa kuti analakwitsa kunditenga. Ndiye ndinkatseka n'kubwerera pa Google mpaka usiku.

Chimene chinandimasula ndi chaching'ono kwambiri. Tsiku lina pa standup, mayi amene anali mkulu wa mainjiniya onse ananena kuti dzulo lake anataya maola atatu akufufuza bug, kenako anapeza kuti ankayesa pa branch (nthambi ya khodi) yolakwika. Ananena akuseka, anthu anasekanso, n'kupitirira. Ine mumtima ndinati, kani nawonso zimawachitikira? M'mawa mwake ndinanena kuti ndakakamira. Palibe amene anadabwa.

Kenako anaika lamulo loti ukalimbana ndi chinthu mphindi 30 osasuntha, uyenera kufunsa, ndipo pofunsa unene zimene wayesa kale. Chifukwa linali lamulo, kufunsa kunasiya kuoneka ngati kupempha chifundo. Amene sanafunse ndiye amene ankaoneka kuti waphwanya lamulo. A Mlezi_Dev, mnyamata wanuyo sakufunika kuphunzitsidwa kulankhula. Akufunika kuona munthu wamkulu akuvomera kuti sakudziwa, osafa nazo.

KafukufukuK:
Zimene anena a Chiphaniphanizi zili ndi dzina m'kafukufuku, amazitcha psychological safety, kutanthauza kuti munthu akhoza kufunsa, kutsutsa kapena kuvomera kulakwa popanda kuopa kunyozedwa kapena kulangidwa. Amene anazitchukitsa ndi Amy Edmondson wa ku Harvard, mu pepala lake la 1999. Chosangalatsa n'chakuti anayambira m'zipatala. Ankayembekezera kuti matimu ogwirizana bwino apezeka ndi zolakwika zochepa popereka mankhwala, koma ziwerengero zinaonetsa kuti iwo ndi amene anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atafufuza anapeza kuti matimu amenewo ankanena zolakwa zawo poyera, pamene enawo ankabisa.

Google nayo kuyambira 2012 inafufuza matimu ake 180 mu ntchito imene anaitcha Project Aristotle. Pa zinthu zisanu zimene anapeza kuti zimasiyanitsa matimu ochita bwino, chimenechi ndi chimene chinali patsogolo. Ndiye a Mlezi_Dev, konzekerani: zinthu zikayamba kuyenda bwino, mavuto onenedwa achuluka kaye. Muwachenjeze mabwana anu pasadakhale, apo ayi adzati mwaononga timu.

MdalaWaCOBOL:
Ana inu mumalankhula ngati zimenezi zinabwera ndi agile. Fred Brooks, katswiri wa mapulogalamu, ananena kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya mapulogalamu imene yachedwa kumaichedwetsanso, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kulankhulana komweku. Werengani nokha: anthu 5 ali ndi njira 10 zolumikizirana awiriawiri, anthu 10 ali ndi njira 45. Timu ya a Mlezi_Dev, iwowo tikawawerengera, ndi anthu 9, njira 36. Imodzi yokha ikatsekeka, monga yatsekeka pakati pa mnyamatayo ndi mkulu uja, masiku 6 apita. N'chifukwa chake Scrum imati timu ikhale ya anthu 10 kapena ocheperapo.

Pa zaka zonse ndagwira ntchitoyi, ma project amene ndinaona akugwa chifukwa choti anthu sankadziwa kulemba khodi ndingawawerenge ndi dzanja limodzi. Ambiri ankagwa chifukwa wina ankadziwa vuto koma sananene, kapena ananena koma womva sanamve.

PO_Wotopa:
Inu nonse mukukamba za mainjiniya okhaokha pakati pawo. Nanga ife? Ndikuuzeni yanga. Kasitomala anapempha "lipoti la malonda a mwezi." Ndinalemba story (kufotokoza mwachidule chimene kasitomala akufuna), timu inatenga, masabata awiri akupanga PDF yokongola, ma graph amitundumitundu. Pa sprint review mayi wowerengera ndalama wa kasitomalayo anaiyang'ana n'kufunsa kuti, nanga ndikopera bwanji manambalawa mu Excel? Iye ankangofuna fayilo ya CSV, ntchito ya theka la tsiku. Cholakwa chinali changa, sindinafunse kuti lipotilo akalitenga achita nalo chiyani. Koma pa refinement, msonkhano wokambirana ntchito isanayambe, tinalipo anthu 7 ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa. Pambuyo pake mmodzi anandiuza kuti ankakayika koma anaganiza kuti si mbali yake.

Chinanso, phunzitsani mainjiniya kukana bwino. Ndikafunsa kuti kodi izi zingatheke pofika Lachisanu, "sizingatheke" sindingapite naye kulikonse. Koma wina akati "zonse ayi, koma kulowa ndi kulipira zitheka, kubweza ndalama kudikire sprint yamawa," pamenepo ndili ndi chokanena kwa kasitomala.

Nthabwala_exe:
A PO_Wotopa, inunso phunzirani kuti "kakusintha kakang'ono" kulibe padziko lapansi.

PO_Wotopa:
Ndalandira, ndilibe mawu.

Server_Down:
Zonsezi zinafika poipa ndi ntchito ya pa intaneti. Pa Zoom anthu 8, makamera onse otseka, umangolankhula ndi timabokosi takuda. Ine ndikanakhala bwana, kamera ikanakhala yokakamiza.

WaUX_Pano:
Ayi ndithu. Ena intaneti yawo siyilola, ena akugwirira ntchito m'chipinda chimene sakufuna kuti muchione. Kukakamiza kamera ndi njira yachangu yophera kumasuka kumene tikukambaku.

Server_Down:
Nanga ndidziwa bwanji kuti munthu akumvetsera?

Nthabwala_exe:
Simungadziwe. Ine ndimatha kuyang'anitsitsa kamera n'kumagwedeza mutu kwinaku ndikuwerenga za mpira.

Mlezi_Dev:
Za makamera tidzatsegulire nkhani yake anzanga, ife timakumana mu ofesi masiku atatu pa sabata ndipo kachetechete wake ndi yemweyo. Ndibwerere pa funso langa: wophunzitsa wa tsiku limodzi uja ndimukane?

MphunzitsiAgile:
Ntchito imeneyi ndi imene ndimagwira, ndiye ndikudziwotcha ndekha, koma ndinena zoona. Tsiku limodzi la ma slide onena za kumvetsera silisintha munthu. Lachisanu aliyense amaomba m'manja, Lolemba zonse zabwerera mwakale. Palibe amene anaphunzira Git (chida chosungira khodi) poonera ma slide, anaphunzira atasokoneza merge (kuphatikiza khodi yake ndi ya anzake) n'kuthandizidwa kukonza. Izinso n'chimodzimodzi.

Ngati ndalamayo yaperekedwa kale, musaikane, koma muike mfundo zanu. Wophunzitsayo ayambe wakhala nawo pa standup ndi pa retro yanu, osalankhula. Zitsanzo za pa tsikulo zichokere m'ntchito yanu yeniyeni: ma pull request anu atafufutidwa mayina, story imene munaimva molakwika, bug imene inadutsa. Anthu ayeserere awiriawiri kupereka ndemanga yovuta ponena zinthu zitatu, pamene zinachitikira, chimene munthuyo anachita, ndi zotsatira zake, osati kumuweruza kuti ndi wamwano kapena waulesi. Ndipo abwerenso pakatha mwezi. Akakana zimenezi, ameneyo akugulitsa masatifiketi.

Komanso samalani kuti musasokoneze kukhala chete ndi kusowa luso. Pali mainjiniya ofatsa amene amalemba zomveka bwino kuposa olongolola onse. Konzani misonkhano kuti nawonso alowemo. Pa retro aliyense alembe kaye payekha mphindi zisanu musanayambe kulankhula. Planning poker, imene James Grenning anaiyambitsa mu 2002, cholinga chake ndi chomwechi: poyerekeza kukula kwa ntchito, onse amaonetsa makadi a manambala nthawi imodzi kuti nambala ya mkulu isakoke ena onse. Wina akaonetsa 2 wina 13, kukambirana kumene kumatsatirako ndiye phindu lake, osati nambalayo.

Funso limodzi: pa retro yanu pamakhala ndani?

Mlezi_Dev:
Timu yonse, komanso manejala wa dipatimenti yathu. Amati amafuna kumva mavuto mwachindunji. Amakhala kumbuyo ndi kope lake, salankhula kwambiri.

MayiWaQA:
Ndi yemweyo amene amalemba ma appraisal, malipoti a kagwiridwe ka ntchito ka aliyense?

Mlezi_Dev:
Eya, ndi yemweyo.

Nthabwala_exe:
Achimwene, mukanayamba ndi pamenepa tikanamaliza kalekale.

MayiWaQA:
Ndiye anthu anuwo si osadziwa kulankhula, ndi ochenjera. Ndani anganene kuti "ndinalakwitsa" pamaso pa munthu amene wagwira cholembera komanso malipiro ake? Retro ndi ya Scrum Team. Bwanayo apatsidwe zimene timu yagwirizana kuti zipite kwa iye, popanda mayina. Ndipo mukamapita kukamuuza zimenezi, a Mlezi_Dev, mayeso a soft skills akhala anu, osati a timu.

MdalaWaCOBOL:
Muonenso amene amakwezedwa pantchito kwanuko. Kumene ndinagwirako kale kunali munthu wina waluso kwambiri koma wosagwirika. Ankasunga zonse m'mutu mwake, server ikagwa ndiye ankaitanidwa, akakonza ankatamandidwa pamsonkhano wa kampani yonse. Mayi wina amene ankakhala ndi atsopano kuwaphunzitsa, n'kumalemba zofotokozera kuti server isagwenso, dzina lake silinkatchulidwa. Achinyamata ankaona zonsezi. Mukhoza kuwaphunzitsa mgwirizano mlungu wathunthu, iwo adzatsanzira amene akulandira mphoto.

Gologolo99:
Koma Linus Torvalds, woyambitsa Linux, waiyendetsa zaka zonsezi ndi pakamwa pakuthwa, ndipo ikuyendetsa ma server a dziko lonse.

KafukufukuK:
Yemweyo mu September 2018 analemba poyera kupepesa chifukwa cha khalidwe lake, anapuma kaye pa ntchitoyo pafupifupi mwezi kuti akapeze thandizo, ndipo Linux inakhazikitsa malamulo atsopano a kakhalidwe. Chitsanzo chanu chatembenukira kwa inu nomwe.

Gologolo99:
Khodi yoipa akuikanabe mpaka lero.

Kadzidzi_Usiku:
Palibe amene wanena kuti asiye kuikana.

Chiphaniphani:
Chinthu chimodzi chimene sichinatchulidwe: mkulu amene analemba ndemanga ija akudziwa zimene zinachitika? Mwina iye anaiwala kalekale. Musamuyalutse pa retro, mukhale naye awiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo ngati n'kotheka muwaike pa pair programming (kulemba khodi awiri pa kompyuta imodzi) iye ndi mnyamatayo, mnyamatayo ndiye agwire keyboard. Anthu ambiri amene amalemba mwaukali sangathe kulankhula chimodzimodzi kwa munthu amene wakhala pambali pawo.

Mlezi_Dev:
Ndabweranso patatha masabata awiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinakumana ndi manejala. Sizinali zophweka, poyamba anaganiza kuti tikufuna kumubisira zinthu. Tinagwirizana kuti ayesere kusabwera pa retro zitatu, ine ndizimupatsa mfundo zimene zikufuna thandizo lake. Retro yoyamba popanda iye ndinayamba ndine, ndinanena kuti ndinamva "palibe chotchinga" masiku 6 osafunsa funso lachiwiri, ndipo kumeneko kunali kulephera kwanga. Panadutsa kanthawi kachetechete, kenako woyesa mapulogalamu wathu ananena kuti amalandira ntchito zonse tsiku lomaliza la sprint ndipo watopa nazo. Tinatha ola lathunthu pa nkhani imeneyo yokha, mawu anakwera pang'ono, koma tinatuluka titagwirizana kuti story iliyonse ikatha izipita kwa iye tsiku lomwelo.

Mkulu uja ndinalankhula naye. A Chiphaniphani munalondola, sankakumbukira n'komwe. Anati iye amalembera aliyense choncho ndipo sakuona vuto, koma pair programming wavomera, kawiri pa sabata. Ndemanga zake zatalikako pang'ono, ngakhale dzulo analembanso "ayi" pa pull request ya munthu wina. Lamulo la mphindi 30 taliyamba. Wophunzitsa uja anavomera kudzakhala nafe pa standup kaye, koma zobweranso pakatha mwezi akuti ndi ndalama zina, ndiye ndikudikira yankho la mabwana.

Gologolo99:
Lamulo la mphindi 30 limenelo, akuluakulu a m'timu nawonso likuwakhudza? Ndikufunsira mnzanga wina amene wakhala pa bug imodzi kuyambira Lachiwiri.

Kadzidzi_Usiku:
Muuzeni mnzanuyo atumize stack trace, uthenga woonetsa pamene khodi yagwera, tiione limodzi.